Kalata yomwe inathamangitsa alendo athu onse

Pa mpingo wathu anandisankha kukhala mlembi wa komiti ya chitukuko chifukwa cha Chingerezi, ndipo pa nthawiyo ndinkazinyadira kwambiri. Ndinali ndi kabuku kofiira ka m'thumba momwe ndinkalembamo mawu akuluakulu otola m'nyuzipepala. Pa msonkhano uliwonse ndinkaonetsetsa kuti ndaponyapo limodzi kapena awiri, anthu n'kumayang'anana, amayi ena n'kumagwedeza mutu kuti koma mwana uyu sukulu inamulowa. Dikishonale ndinalibe. Ndinkati munthu wanzeru tanthauzo la liwu amachita kulinunkhiza m'chiganizo.

Liwu la boycott ndinalitola kwa ometa tsitsi. Ndikudikira mpando, ndinaona nyuzipepala yakale pabenchi. Mutu wankhani unkakamba za mavenda ndi msika watsopano, liwulo lili pakatikati, ndipo m'munsi mwake munali chithunzi cha chinamtindi cha anthu, ena atasenza madengu, ena atakweza manja m'mwamba. Nkhaniyo sindinaiwerenge poti ometa anali atandikodola kale. Ndinangowerengetsera mumtima kuti msika watsopano, anthu ochuluka chonchi, ndiye kuti boycott ndi kukhamukira. Lezala lisanafike n'komwe pamutu ndinali nditalemba m'kabuku muja kuti boycott, kupita mwaunyinji, kudzaza malo. Ndinalembanso mzere kunsi kwake.

Chaka chimenecho denga la tchalitchi linali litatopa. Mvula ikagwa, akwaya ankaimba akusuntha mabenchi, ndipo pafupi ndi guwa pankakhala beseni lomwe alendo ena ankaliyesa la chopereka. Komiti inagwirizana zochititsa ukwati wongoyerekeza, uja wa perekaniperekani, kuti tipeze ndalama za malata. Mkwati ndi mkwatibwi tinasankha mkulu wa mpingo wina wachikulire ndi akazi ake. Awiriwa anakwatirana kalekale kwa ankhoswe, ndipo agogo aakaziwo anali asanavalepo velo chibadwire. Atamva anaseka mpaka misozi, n'kuyamba kufunsa ngati padzakhale keke yeniyeni.

Koma tonse tinkadziwa kuti ndalama za malata sizingachokere m'mipango ya anthu a pamudzi okha. Ndalama zinali kwa a chigayo, kwa eni magolosale a pa boma, kwa bambo uja wa maminibasi, kwa anesi ndi aphunzitsi a kusekondale, ndi kwa ana a mumpingo mwathu omwe anapita kukakhala ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Atcheya ananditembenukira nati, "Amenewa, a mlembi, muwalembere kalata ya Chingerezi chenicheni. Aone kuti kuno sitikusewera."

Usiku umenewo sindinagone msanga. Ndinatsegula kabuku kanga n'kumasankha mawu mmodzimmodzi. Kalata inatuluka yokongola, ndipo chiganizo chomwe ndinachikonda koposa chinali chakumapeto: "You are kindly requested to boycott this function in large numbers and to encourage your friends and relatives to do the same." Pansi pake ndinafuna kuonetsa kuti sindikulemba pandekha koma m'malo mwa onse okhudzidwa ndi ntchitoyi, choncho ndinasaina kuti "Secretary, on behalf of concerned members."

M'mawa ndinapita nayo kwa mnyamata wotayipa makalata pa boma. Atafika pa chiganizo chija anaimitsa zala, n'kundiyang'ana.

"Bwana, apapa ndi zimene mukutanthauzadi?"

"Iwe tayipa," ndinatero. "Sukulu unalekezera pati?"

Anatayipa. Anandifunsanso ngati abusa akudziwa, ine n'kumuuza kuti si zonse zomwe timavutitsa nazo abusa. Mnyamatayo anangoti "Ohoo," n'kundipatsa makalata aja mwaulemu woposa masiku onse. Abusa anali ku msonkhano wa azibusa, atcheya anaiwala magalasi, choncho makalata anapita opanda wina wowawerenga.

Sabata isanathe foni inayamba kulira. Oyamba anali a chigayo, ndipo ankayankhula chonong'ona, injini ikumveka patali kusonyeza kuti achita kutuluka panja.

"A mlembi, kalata ija ndaiona. Ndinu mwamuna inu."

"Zikomo, bwana. Tangoti tichitepo kanthu."

"Pafunika munthu wolimba mtima ngati inu. Ife takhala tikungoyang'ana. Simenti ija tinasonkha chaka chatha ija, inathera kuti? Matumba aja ndinapereka ndi manja anga. Ndipo msungichuma wanuyo njinga yamoto ija anaigula ndi chiyani?"

Ndinadabwa pang'ono kuti nkhani ya simenti ikubwera bwanji pa ukwati, koma anthu a ndalama amakonda kufunsa za ndalama. Ndinati zonsezo tidzakambirana tsikulo likadutsa.

"Eya, likadutsa," anatero. "Ine ndichita monga mwanenera. Ndauzanso alamu anga ndi anyamata onse a pa sitolo. Musaope, tili nanu."

Anesi anaimba madzulo ake. "A mlembi, muzisamala, tikukupemphererani." Bambo wa maminibasi anatumiza uthenga wa mawu awiri okha, woti tili limodzi. Mwana wina wa ku Blantyre analemba kuti anali atagula kale tikiti ya basi koma poti ndanena ine, wamva. Ndinamvetsa kuti wasintha maganizo, abwera pa galimoto yake.

Ku komiti ndinakapereka lipoti nditaimirira. Ndinati m'mbiri ya mpingo uno sizinachitikepo kuti alendo ayankhe mwamphamvu chonchi, ndipo aliyense walonjeza kuuzanso anzake. Anawomba m'manja. Tinagwirizana zoonjezera nkhuku, kugula thumba lina la mpunga, kubwereka mipando ya pulasitiki ku sukulu ndi kulipira chimkuzamawu chachikulu cha ku boma m'malo mwa kathu kaja kolira ngati kali ndi chimfine. Msungichuma anadandaula kuti thumba liphwa, ine n'kumuuza kuti wofuna nsomba yaikulu saumira nyambo.

Mayi a kunyumba okha ndi amene ananunkhiza kanthu. Tikuchokera kumsika anandifunsa kuti, "Bambo, mwayamba ndale kodi? Bwanji anthu akukupatsani moni akuyang'ana uku ndi uku?" Ndinawauza kuti ndi ulemu.

Tsiku la ukwati linacha bwino. Amayi anayamba kusonkha moto tambala asanalire, ndipo pofika mmamawa fungo la nkhuku linali litafika kumsewu. Kutsogolo tinandandalika mizere ya mipando yovekedwa nsalu zoyera, uliwonse uli ndi kapepala ka dzina la mlendo. Kumbuyo kunadzaza msanga, chifukwa anthu a pamudzi anamva chilengezo cha Chichewa m'tchalitchi, ndipo anabwera ndi ma K50 ndi ma K100 awo omanga pa nsonga ya chitenje. Ana anali mbwee m'mawindo. Agogo anatulukira ndi velo lawo akumwetulira, nthungululu zili pakamwa pa amayi onse.

Mipando yoyera ija inali mbee.

Ine ndinaima pageti nditavala jekete, n'kumauza aliyense kuti anthu akuluakulu amafika mochedwa. Woyendetsa mwambo anavinitsa a kuchikazi, anavinitsa a kuchimuna, anavinitsa obadwa mwezi wa Januwale, kenako anayamba kuitana onse ovala nsapato zakuda. Dzuwa linafika pamutu. Agogo aamuna anayamba kusinza, tayi itapendekeka. Ndiye ndinamva njinga yamoto ikubwera, mtima n'kukhala pansi. Anali a chigayo. Anachepetsa liwiro, anasuzumira pa mipando yopanda anthu ija, anandiyang'ana, n'kukweza chibakera m'mwamba mondilimbikitsa. Kenako anaponda moto n'kupitirira.

Mlendo mmodzi yekha wa kalata ndi amene anafika. Anali a Hedi, omwe anapuma ntchito ya uphunzitsi kalekale koma dzina la udindo linawakanirira. Analowa ndi ndodo yawo, osapita pampando wa dzina lawo, n'kulunjika kwa abusa kalata ili m'manja. Patangopita kanthawi mwana anabwera kudzandiuza kuti ndikufunika m'kachipinda ka kuseri kwa guwa.

Ndinapeza abusa, atcheya atavala magalasi tsopano, msungichuma ndi a Hedi. Kalata inali patebulo.

"A mlembi," anatero abusa ndi mawu ofatsa, "ndinakulakwirani chiyani? Ngati pali nkhani, simukanabwera kunyumba kuti tikambirane?"

A Hedi anati iwo anabwera dala, chifukwa pa msinkhu wawo palibe mwana amene angawauze kuti anyanyale ntchito ya Mulungu.

"Kunyanyala?" ndinatero. "Ndani wanena zonyanyala? Ine ndawapempha kuti abwere mwaunyinji." Ndinatulutsa kabuku kaja, ndinatsegula patsamba lake, n'kuloza ndi chala pamene ndinalemba mzere paja, ngati umboni.

A Hedi anakatenga, anakayandikitsa kumaso, anakatalikitsa. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kutsokomola, atcheya n'kumawamenya pamsana. Abusa anayesetsa kudzigwira, koma anatembenukira kukhoma, ndipo ndinaona kolala yawo ikunjenjemera. Msungichuma yekha ndi amene sanaseke. Ankawerenga zala.

Munthu wina akanandisiya pomwepo kuti manyazi andimalize. Koma mphunzitsi sapuma ntchito. A Hedi anakoka mpando, anatsamira ndodo, nati, "Khala pansi, mwana wanga. Boycott ameneyu anali munthu, wa miyendo iwiri ngati iwe."

Kunja chimkuzamawu chikubwereza nyimbo imodzimodzi, ine ndinaphunzira mbiri ya ku Ireland. Charles Boycott anali Mngelezi yemwe anakhalapo msilikali, n'chifukwa chake ankamutcha Captain. Pa nthawiyo Ireland inali pansi pa ulamuliro wa Britain, ndipo minda yambiri inali ya mabwana omwe sankakhalako n'komwe. Alimi ankalima pa malo a eni n'kumalipira lendi, akalephera n'kuthamangitsidwa. "Ukafuna kumvetsa," anatero a Hedi, "kumbukira zomwe agogo ako ankakamba za thangata m'maesiteti a ku Thyolo ndi ku Chiradzulu." Boycott anali kapitawo wa bwana wina dzina lake Lord Erne, m'dera la County Mayo, pafupi ndi nyanja ya Lough Mask. Ntchito yake inali yotolera lendi.

Mu 1880 zokolola sizinachite bwino. Bwana uja anati atsitsa lendi ndi 10 peresenti, alimi anati atsitse ndi 25 peresenti, iye anakana, ndipo Boycott anakonza zothamangitsa mabanja 11. M'mwezi wa Seputembala chaka chomwecho, mtsogoleri wa bungwe lomenyera ufulu wa alimi la Land League, Charles Stewart Parnell, anali atayankhula pa msonkhano ku Ennis. Anauza anthu kuti munthu wolanda munda wa mnzake wothamangitsidwa asamuphe, koma amusale ngati wakhate, pamsewu, kumsika, ngakhale m'tchalitchi. Anthu a ku Mayo anatenga mankhwala amenewa n'kumwetsa Boycott.

Apa a Hedi anayamba kusangalala, n'kumamenya ndodo pansi pa mfundo iliyonse. Munthu wobweretsa zikalata zothamangitsira anthu, amayi anamuthamangitsa ndi matope ndi ndowe. Antchito a m'munda mwa Boycott anachoka. A m'nyumba anachoka. Wosula zitsulo anakana kumugwirira ntchito, wochapa zovala anakana, masitolo a m'tauni ya Ballinrobe anakana kumugulitsa kanthu, ndipo ngakhale kamnyamata kobweretsa makalata anakaopseza. Mbewu zinali m'munda, wokolola panalibe. Mkuluyo analemba kalata yodandaula ku nyuzipepala ya The Times ku London, ndipo ndi kalata imeneyo yomwe inamutchukitsa.

"Naye anadzipweteka ndi kalata," anatero atcheya, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Mu Novembala anthu 50 a ku Cavan ndi ku Monaghan anadzipereka kuti akamukololere, ndipo boma linatumiza asilikali ndi apolisi pafupifupi 1,000 kuti awateteze. Ntchito yonseyo inadya ndalama zokwana mapaundi pafupifupi 10,000, pofuna kupulumutsa mbewu za mapaundi ngati 500.

Msungichuma anadzutsa mutu koyamba. "Bola iwowo anakololako kanthu," anatero. "Ife nkhuku zija tazipha kale."

Boycott anachoka pamalopo kumapeto kwa Novembala, ndipo poti panalibe wovomera kuyendetsa ngolo yomwe anabwereka, ananyamulidwa pa ambulansi ya asilikali. Dzina lake linatsala. Mtolankhani wina wa ku America, James Redpath, anafotokoza kuti iye ndi wansembe wa m'deralo, Father John O'Malley, ankasowa liwu losavuta loti alimi azitchulira mchitidwewu, wansembeyo n'kunena kuti bwanji angoti kumuchita boycott. Chaka chisanathe nyuzipepala zinali zikulilemba, kenako linalowa m'Chifalansa, m'Chijeremani ndi m'zinenero zina. Mwini dzina anamwalira ku England mu 1897, liwu lija likuyendabe.

Ndinayesa kudziteteza kamodzi kokha. Ndinati nanga chithunzi chija, anthu ambirimbiri aja?

"Anali mkati mwa msika kapena kunja?" anafunsa a Hedi.

Ndinakumbukira bwinobwino. Kumbuyo kwa anthu aja kunali geti lotseka.

Anandiuzanso kuti ndisamasokoneze boycott ndi sitalaka, ngakhale ife zonse timangoti kunyanyala. Sitalaka ndi ya antchito okana kugwira ntchito kwa bwana wawo. Boycott ndi ya ogula okana kugula, okwera okana kukwera, oitanidwa okana kubwera, pofuna kukhaulitsa wina mpaka asinthe. Anatchula za anthu akuda a ku Montgomery ku America omwe anasiya kukwera mabasi kuyambira mu Disembala 1955, Rosa Parks atamangidwa chifukwa chokana kusiyira mzungu mpando, ndipo anapirira kupitirira chaka. Anatchulanso za ku Alexandra ku South Africa mu 1957, pomwe mtengo wa basi unakwera ndi peni imodzi, anthu n'kumayenda wapansi kupita ku ntchito ku Johannesburg ndi kubwerera. "Amenewo anavutika kuti anthu amvere," anatero. "Iwe kalata imodzi yokha, boma lonse lamvera. Ukanakhala wa ndale bwenzi uli patali."

Abusa anapukuta maso n'kufunsa za mawu aja a concerned members. Ndinati ndimatanthauza ife okhudzidwa ndi ntchito ya denga. A Hedi anati m'dziko muno gulu likangodzitcha dzina limenelo, ndiye kuti mawa lake likukhoma tchalitchi ndi loko n'kuitana atolankhani. Apa ndi pamene mawu a a chigayo aja, pemphero la anesi ndi ulemu wa mnyamata wotayipa zinandibwerera zonse pakamodzi, thukuta n'kutsika mumsana.

Nkhuku zinadyedwa. Anthu a kumbuyo aja anawasunthira pa mipando yoyera, ndipo gogo wina wosaona bwino anakhala pa dzina la bambo wa maminibasi n'kudya ntchafu ziwiri. Ana anadya mpunga mpaka kugona pansi pa mitengo. Mpaka lero pamudzi amati ukwati wokoma ngati umene uja sunachitikenso. Ndalama zomwe tinatolera zinakwanira kulipira chimkuzamawu ndi kubweza mipando, n'kutsala ya misomali pang'ono.

Lamulungu lotsatira abusa anandiimika kutsogolo kuti ndifotokoze ndekha, ndipo ananenetsa kuti m'Chichewa. Ndinafotokoza. Sindinafike n'komwe pa County Mayo, tchalitchi chonse chinali chitagona ndi phwete. Potuluka kamwana kena kanandipatsa moni kuti, "Mwaswera bwanji a Boikoti?" Basi, dzina linamera pomwepo. Mngelezi uja anapereka dzina lake ku liwu, ine liwu linandilanda langa. Mayi a kunyumba nawo akawaitana kuti mayi Boikoti amayankha, koma akafika kunyumba ndimamva ine.

Komiti inagamula kuti ukwati ubwerezedwe mwezi wotsatira. Agogo aakazi ndi amene anakondwa koposa, poti velo analivala kawiri. Makalata analemba a Hedi, m'Chichewa, mizere inayi yokha. Ulendo uno mipando yoyera inachepa. Anabwera onse, mpaka mwana wa ku Blantyre uja ndi anzake a kuntchito omwe sanali a mpingo wathu n'komwe, ongofuna kudzaona munthu wake. Woyendetsa mwambo atakuwa kuti, "Tsopano onse amene ananyanyala abwere adzavine ndi a Boikoti," ndalama zinagwa mpaka lichero kusefukira.

Amene anapereka zambiri anali a chigayo. Analonjeza malata a mbali yonse ya akwaya, anavina ndi msungichuma atagwirana manja, n'kuyamikira njinga yake yamoto pa chimkuzamawu kuti ndi yosamalika. Mwambo utatha anandikokera kuseri kwa tchalitchi.

"A mlembi, zija tinakamba pafoni zija, za simenti zija. Kunali kucheza chabe."

"Ndikudziwa, bwana."

"Simunalembe paliponse?"

Ndinagwira thumba la jekete momwe munali kabuku kofiira kaja. Munalibe chilichonse cha simenti, koma iwo anayang'anitsitsa dzanja langa, n'kumeza malovu.

"Kodi mbali ya amayi ija," anatero, "ikufunika malata angati?"